Nyumba Yoyenda ya Yotamu

Ana inu, khalani pansi bwinobwino, lero ndikuuzeni kumene mwambi wina unachokera. Alipo ena amene angakuuzeni kuti mwambiwu ndi wakale kuposa galimoto ndi misewu ya tala. Amenewo musakangane nawo. Ine ndikufotokozerani monga momwe nkhaniyi inandipezera.

Pa Ulongwe, kuseri kwa msika, pankakhala kalipentala wina dzina lake Yotamu Chimbalanga. Anali waluso, koma anali munthu waphuma. Chitseko chimene anzake ankapanga masiku atatu, iye ankachimaliza dzuwa lisanapendeke. Tiyi ankamwa ali chiimire. Mkazi wake anali Dorika, amene anthu ankamutchula ndi dzina la mfunda kuti aNankhoma. Kwawo kunali ku Mayani, m'boma la Dedza. Dorika anali telala, ndipo makina ake osokera ankakhala pakhonde. Munthu wodutsa pamsewu ankayamba kumva kuseka kwake asanamve kulira kwa makinawo. Ana awo awiri anali atakula n'kupita kukagwira ntchito m'tauni.

Tsiku lina m'nyengo yotentha, Dorika akuyeza mayi wina diresi, tepi inamupulumuka m'manja. Anati aitole, koma mkono unakana. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anagonako milungu itatu, ndipo potuluka, mkono ndi mwendo wakumanzere zinali zofooka, pakamwa patakhotera kumbali, mawu akutuluka molemera. Adokotala anamulimbitsa mtima kuti akamayesetsa kuyenda, mphamvu zina zidzabwerera.

Koma tsiku lofika kunyumbalo, mayi wina amene Dorika ankamusokera zovala anakumana nawo pachipata. Mayiyo anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Mayo, kodi ndinu aNankhoma?" Sananene mwachipongwe, zinangomutuluka. Dorika analowa kuchipinda, natseka katani ya pazenera, nafunda chitenje kumutu. Kuyambira tsiku limenelo sanatulukenso masana, ndipo ngakhale mwamuna wake akabweretsa phala, maso ake ankakhala pansi.

Yotamu anaganiza kuti vutoli alithetsa monga ankathetsera chitseko cholimba, chimene umangochikankha ndi phewa. Lamlungu lina anaitana amayi khumi a kutchalitchi. Anatsekula chipinda, nakoka katani, nati, "Imbani, mnzanu asangalale." Amayiwo anaimba ndi mtima wonse. Dorika anatembenukira kukhoma. Masiku awiri sanadye kanthu. Tsiku lachitatu, mwamuna wake akuchotsa mbale, anamva mawu ochokera m'chitenje muja.

"Abambo, mwandiyika pamsika."

Yotamu anaima ndi mbale m'manja. Anatuluka n'kukakhala pabenchi yake yopalira matabwa, ndipo tsiku limenelo sanakhome msomali ngakhale umodzi.

Ku Mayani kunali amayi ake a Dorika, nkhalamba imene maso ake anali atachita khungu. Mchimwene wake wa Dorika, Gerevaziyo, ankaimba foni mwezi ndi mwezi kunena kuti amayi akufunsa mwana wawo. Dorika ankakana kulankhula pafoni chifukwa cha mawu ake. Yotamu atatchula za minibasi, iye anapukusa mutu.

"Anthu anayi pampando umodzi, onse maso pa ine? Ndiponso msana wangawu sungapirire kukhala tsonga ulendo wonsewo."

Patapita milungu ingapo, Yotamu anaitanidwa kukakonza zitseko panyumba ina yogona alendo. Kuseri kwa nyumbayo, m'maudzu, anaona galimoto yakale yooneka ngati minibasi. Matayala anali ataphwa, ndipo nkhuku zinkaikira mazira pampando wa dalaivala. Atasuzumira m'kati anadabwa. Munali malo a bedi, kakabati, ndi potsekera makatani. Mwini nyumbayo anamuuza kuti inali ya alendo ena oyendayenda amene ankagona momwemo. Injini itawavuta anamusiyira galimotoyo pamodzi ndi mapepala ake, ndipo papita zaka zambiri.

"Mukandikonzera zitseko zonsezi, chichotseni," anatero mkuluyo. "Chimangondisungira njoka."

Galimotoyo inafika kwa Yotamu ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri zangolo. Anthu apamsika anaseka kuti a Chimbalanga agula khola la nkhuku. Iye anaiimika pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi zenera la kuchipinda, chifukwa mthunzi unali pomwepo. Kenako anapita kukaima pachitseko cha mkazi wake, osatsekula.

"ANankhoma, ndabweretsa galimoto. M'kati mwake mudzakhala bedi ndi makatani. Tsiku limene mudzafune, tidzapita ku Mayani mutagona, popanda wokuonani. Ndanena kamodzi, sindidzakufunsaninso."

Atatero, anabwerera kugalimoto kuja.

Yotamu sankadziwa za galimoto, ndipo m'thumba mwake munalibe zoti n'kulembera amisiri. Anayamba ndi zimene manja ake akanatha. Anatulutsa zinyalala, nachapa, napaka penti yotsala kwa mnzake pamwamba pa dzimbiri, zonsezo sabata imodzi. Mwezi usanathe penti ija inatupa ngati matuza a moto n'kuyamba kusendeka.

Pafupi naye pankakhala makanika wachikulire, Che Ajibu, amene anasiya ntchito chifukwa cha kunjenjemera kwa manja. Anabwera Lachisanu lina akuchokera kumzikiti, nakanda pentiyo ndi chikhadabo.

"A Chimbalanga, dzimbiri silinamizika. Palani mpaka chitsulo chiyere, kenako mupake. Ine manja anatha, koma maso ndi makutu zilipo. Ndizikuuzani, inu muzigwira."

Anayambiranso. Madzulo aliwonse akaweruka, ankapala kachigawo kofanana ndi chikhatho chake, mawa kena. Pamene chitsulo chinabooka, ankadula zigamba kuchokera ku mgolo wakale, ndipo wowotcherera zitsulo wapamsika anamumatira posinthana ndi mipando iwiri. Pansi anayalapo zidutswa za matabwa zotsala ku ntchito za anthu, china cha mlombwa, china cha bulugamu, china cha paini, moti munkaoneka mawangamawanga ngati nkhanga. Kakabati anakapanga ndi chitseko chakale cha khitchini. Popereka phala, anayeza mobisa kutalika kwa bedi la mkazi wake ndi kachingwe, kuti la m'galimoto lidzakhale chimodzimodzi. Pakhomo la galimoto anaikapo chopondera chachifupi, ndi chogwirira cha paipi yamadzi kumbali ya dzanja lamanja.

Injini ndiyo inamuphunzitsa zambiri. Anaimasula yonse, ndipo Che Ajibu anamulamula kuti bawuti iliyonse aziitsuka ndi palafini n'kuiika m'kachitini kakekake. Zipangizo zofunika ankazisaka kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Liwonde ndi ku Balaka. Mwezi wina ankapeza chimodzi, mwezi wina ankabwerako chimanjamanja. Tsiku lina anamanga bawuti mwaphuma n'kuithyolera m'kati, ndipo kuichotsa kunamutengera masabata awiri. Che Ajibu sanamukalipire. Anangomufunsa kuti, "Nanga tafulumira?"

Miyezi inapita. Tsiku lina akupala chitseko cha galimoto, anaona pagalasi lake chithunzi cha zenera la kuchipinda. Katani ija inali itasuntha pang'ono, mpata wokwana chala chimodzi. Khosi linafuna kutembenuka, koma analigwira, napitiriza kupala ngati sanaone kanthu. Kuyambira pamenepo, akamacheza ndi Che Ajibu ankakweza mawu pang'ono, kuti wa m'chipindamo azidziwa pamene ntchito yafika.

Itakwana nthawi ya makatani, Yotamu anatulutsa makina a mkazi wake, nawapukuta fumbi, nasonkhanitsa zitenje zakale. Iye anali asanasokepo chiyambire. Ulusi unkapiringizika, nsalu inkakwinyika, ndipo singano inathyoka. Akuika yachiwiri, anamva mawu kuseri kwa zenera.

"Bobini mwaika chagada."

Kwa miyezi yambiri Dorika anali asanayambitsepo yekha nkhani. Yotamu anayankha ngati nkhani wamba.

"Ndiye ndiyike bwanji?"

"Bweretsani kuno makinawo musanandiwonongere."

Anawalowetsa kuchipinda n'kutseka chitseko. Dorika ankapalasa ndi phazi lamanja, dzanja lamanja likuwongolera nsalu, ndipo Yotamu anakhala kumanzere kwake kugwira mbali imene dzanja lofooka lija likanagwira. Chitenje chinali chikadali kumutu, maso ali pa singano basi.

"Mukukoka," anatero Dorika. "Nsalu siikokedwa, imaperekezedwa."

Anasoka masana anayi, makatani ndi chovala cha matiresi. Atamaliza, Dorika anabwerera pabedi lake. Za ulendo sanatchule, ndipo Yotamu sanafunse.

Mvula ya mu Januwale ili m'kati, chaka ndi miyezi itadutsa chidwalire Dorika, Gerevaziyo anatulukira pakhomo atanyowa. Anali mkulu wa mbumba yawo, munthu wozolowera kumveredwa. Sanadikire n'komwe kuti amulandire bwino.

"Alamu, amayi adwala chifuwa, ndipo chakudya akungolawa. Ndabwera kudzatenga mlongo wanga. Ngati sayenda, timunyamula mpaka pa siteji."

Anapita pachitseko cha kuchipinda n'kuyamba kugogoda mwamphamvu. "Dorika, tsekula. Amayi ako akufa, iwe ukuchita manyazi ndi pakamwa?" M'kati munamveka mpando ukukokedwa n'kutsamiritsidwa kuchitseko.

Yotamu anaima pakati pa mlamu wake ndi chitsekocho. "Alamu, mlongo ndi wanu, sindikukana. Koma njira imeneyi ndinaiyesa ine, ndipo anakhala masiku awiri osadya. Ndipatseni mawa lokha. Injini tamaliza kumanga, mapepala ndinakonzetsa, kwatsala kuiliza."

"Chaka chathunthu mukuseweretsa chiphapha, mkazi akuvundira m'nyumba. Amayi akatisiya osamuona, mudzayankha chiyani?"

Funso limenelo linamulasa Yotamu, chifukwa ndi lomwe ankadzifunsa yekha. Galimotoyo inali isanalirepo. Ngakhale italira, Dorika sanalonjeze kuti adzakwera. Anaweramitsa mutu, nayankha motsitsa mawu.

"Ndidzati ndinalakwa ndine. Koma mawa lokha, alamu."

Kutacha mvula inali itakata. Yotamu anagona chagada pansi pa galimoto, Che Ajibu atakhala pachitsa kumulangiza. Gerevaziyo anakhala pambali nkhope ili gwaa. Pa chopondera cha galimoto panali nkhono yaikulu imene inakwera ndi chinyezi. Posowa chochita, Gerevaziyo anaitola n'kuyamba kuigogoda ndi kamtengo. Nkhonoyo inalowa m'chigoba chake. Anagogodanso, naitokosa, koma inangolowereratu m'kati n'kutulutsa thovu.

"Mukamaigogoda situluka, alamu," anatero Yotamu ali pansi pomwepo. "Iyikeni pathabwapo, mudzandigwirire waya uyu."

Gerevaziyo anaiika monyinyirika, navula jekete. Anagwira ntchito onse atatu mpaka dzuwa linakwera. Batire inali yobwereka ndiponso yofooka, choncho anaitana anthu oyandikana nawo kuti akankhe, Che Ajibu ali pa chiwongolero. Ulendo woyamba galimoto inangotsokomola. Wachiwiri inalira pang'ono n'kuzima. Che Ajibu anatsika, nauza Yotamu kuti asinthanitse mawaya awiri a mapulagi. Ulendo wachitatu inagwedezeka, inatulutsa utsi wakuda, kenako inayamba kulira mosadukiza. Anaizungulitsa bwalo lonse n'kuibwezera pansi pa mango paja.

Anthu anaomba m'manja, ena akuimba nthungululu. Yotamu anawathokoza mmodzimmodzi, nawapempha mwaulemu kuti abwerere kwawo. Pabwalo patatsala atatu okha, Gerevaziyo ananyamuka kulunjika kunyumba. Yotamu anamugwira pamkono.

"Mlongo wanu wamva kale. Injiniyi yamveka mpaka kumsika. Tiyeni tikhale pansi."

Anazimitsa galimoto, natsekula chitseko chake cham'mbali, ndipo onse anakhala pabenchi atafulatira nyumba. Madzi ankadontha m'masamba a mango. Yotamu anaika manja ake akuda ndi oyilo pamaondo. Mumtima ankawerenga zifukwa zonse zoti adzuke akagogode, ndipo chilichonse chinkaoneka chomveka. Anakhalabe.

Gerevaziyo, posafuna kuyang'ana mlamu wake, anayang'ana pathabwa paja. Nkhono ija inali itayamba kusuntha. Inatulutsa kamutu pang'ono, n'kuima. Kenako tinyanga tiwiri tinatambasuka mwapang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwa kalikonse kunali kadontho kakuda. Munthu wa imvi ameneyu anali ataponda nkhono zosawerengeka m'munda mwake, koma anali asanaonepo maso ake.

Mthunzi wa mango unali utasuntha ndithu pamene anamva mpando ukuchotsedwa kuchitseko. Panamveka kugunda kwa ndodo, kenako phazi, kenako phazi lina likukhwekhwereza. Gerevaziyo anafuna kutembenuka, koma Yotamu anamuponda chala. Ndodo ija inatsika pakhonde, inadutsa m'matope, mpaka inafika patsogolo pawo.

Dorika anali atavala diresi yake ya kutchalitchi. Chitenje chinali m'chiuno, duku atamanga ndi dzanja limodzi, lopendekeka pang'ono. Nkhope yake inali poyera. Anayang'ana mchimwene wake nthawi yaitali.

"Achimwene, mwakalamba," anatero.

Kenako Dorika anatembenukira kwa mwamuna wake n'kumuyang'ana m'maso. Yotamu anali ataiwala kuti diso lakumanja la mkazi wake lili ndi kadontho kofiirira pambali.

"Abambo, chikwama chili pabedi. Sindingathe kuchinyamula. Ndinalongedza tsiku lomwe tinamaliza makatani lija."

Yotamu anadzuka, nayenda kukatenga chikwamacho. Anakhalitsa pang'ono m'chipindamo, ndipo potuluka nkhope yake inali yonyowa. Anapeza Dorika atagwira paipi ija, phazi lili pa chopondera, akukwera yekha.

Yotamu ndi Gerevaziyo anaikankha galimoto mpaka inalira, ndipo ananyamuka nthawi yomweyo, Che Ajibu akuyendetsa. Galimotoyo inkayenda ngati ikuwerenga mitengo. Njinga zamoto zinkaipitirira, ndipo pa zitunda za ku Ntcheu anaima kawiri kuti injini izizire, Gerevaziyo akuthamanga ndi chigubu kukapempha madzi. Dorika anagona pabedi makatani ali otseka. Atafika pa Lizulu, pamene amayi amayala kabichi ndi mbatata m'mbali mwa msewu, anadzuka n'kukankha katani imodzi.

"Musapite kwa apongozi anu manja ali lende," anauza mwamuna wake. "Tengani mbatata za mayi wavala zobiriwirayo. Zinazo ndi zadzana."

Anafika ku Mayani dzuwa litapendeka. Amayi aja anali gone pamphasa, atawafunditsa mabulangete awiri. Dorika anakhala pansi movutikira, nagwira dzanja lawo.

"Amayi, ndine."

Nkhalambayo inakweza manja n'kuyamba kupapasa nkhope ya mwana wake, pachipumi, m'masaya, mpaka pamilomo. Zala zinaima pamene panakhota paja.

"Pakamwa panapita kumbali, amayi," anatero Dorika.

"Ine maso anapita kalekale. Watsala wathunthu ndani? Lankhula, mwana wanga, ndikumve."

Dorika analankhula, ndipo sanasiye msanga. Tsiku limenelo amayiwo anamwa phala kuchokera m'dzanja lake. Dorika anakhala kumudziko kufikira nthawi yokolola, iye ndi mwamuna wake akugona m'galimoto muja kuseri kwa nkhokwe. Amayi aja analawa chimanga chatsopano, ndipo pamene ankatsikira kulichete, mutu wawo unali pamiyendo ya Dorika.

Anthu a m'mudzimo ankadziwa kuti Dorika anakhala chaka osatuluka m'nyumba, choncho ankamufunsa Gerevaziyo kuti anagwiritsa ntchito mawu anji kuti amutulutse. Iye ankapukusa mutu.

"Ine ndinagogoda, iye n'kutsekera ndi mpando. Anamutulutsa ndi mlamu wanga, amene anakonza njira n'kukhala pansi. Tsiku lomwelo ndinagogoda nkhono, inabisala. Nditaisiya, inandionetsa maso. Abale anga, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mawu amenewo anayenda kuchoka pakamwa kupita pakamwa, mpaka anakhala mwambi umene mumaumva lero: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Pali zinthu zina zimene mphamvu sizingakupatseni. Nkhono mukhoza kuiphwanya ndi mwala, koma mukatero mwapeza chigoba chosweka, maso ake simunawaone. Chimodzimodzi mtima wa munthu wovulala, luso la ntchito, ngakhale chitsulo chadzimbiri: mukazikakamiza zimakukanani. Koma musamve molakwa, kudekha si kupinda manja. Yotamu ankapala, ankasaka, ankamanga tsiku ndi tsiku. Chimene anasiya ndi kukankha chitseko chimene mwini wake yekha ndiye akanatsekula. Ndipo kudekha kumawawa, chifukwa wodikira sapatsidwa lonjezo.

Tsono mnzanu akadzakhala chete chifukwa cha chisoni kapena manyazi, musadzamuunjirire mafunso. Dzachiteni zimene manja anu angathe, mumuuze kamodzi kuti mulipo, kenako mukhale pafupi. Akadzakweza nkhope, adzakupezeni mukadali pomwepo.